Tinakafika Kwawo kwa Chiperoni

Sendezani lichero kuno, ana inu, mtedzawu tiuswere limodzi. Iwe Takondwa ndikukuona, umodzi m'lichero, iwiri m'kamwa. Chiyambire m'mawa mwakhala mukudandaula kuti kunja kwazizira, ati chiperoni chakulepheretsani kupita ku mpira. Chiperoni chake chiti? Ichi n'chotsalira chabe, chimafika kuno ku Lirangwe chitatopa kale ndi ulendo. Ine ndinakafika kwawo kwenikweni kwa chiperoni, ndi miyendo yanga yomweyi, agogo anu aakazi ali patsogolo, ine pambuyo. Mukuseka? Afunseni, si awo akusoka pakhondepo.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito yonyamula katundu pa bwalo la ndege ku Chileka. Ndinkagona m'kachipinda ka lendi komweko, kuno n'kumabwera Loweruka. Masutukesi a nthawi imeneyo sanali ngati anu a masiku ano amene mumangowakoka ngati mbuzi yopita kumsika. Anali amakona, opanda matayala, ena achitsulo, ndipo ukausenza umamva msana ukulankhula. Ndinanyamula katundu wa anthu ochokera m'maiko onse, koma ine mwini kutali kumene ndinali nditafikako kunali ku Zomba, ndiponso unali ulendo wa maliro.

Titavota zija za zipani zambiri, pabwalopo panayamba kutsika alendo amtundu wina. Atsikana ovala mathalauza, anyamata a tsitsi lofika m'mapewa, zinthu zimene kale lija malamulo sankalola. Aliyense atabereka chikwama chachikulu kumsana ngati mwana. Ife onyamula katundu sitinkawakonda anthu amenewa, chifukwa ukawathamangira kuti uwalandire ankangomwetulira n'kupukusa mutu. Tinamva kuti amayenda m'maiko mwa eni pa mabasi ndi wapansi, kugona m'midzi, kudya chimene apeza. Tinkawaseka. Tinkati munthu asiye bedi kwawo kudzagona pamphasa, mutu wake ulibwino ameneyo?

Loweruka lina nditaweruka ndinapeza mmodzi wa iwo atakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, akuyala kansalu. Anali mtsikana, khungu lake lofiirira ngati la Mphatso uyu, tsitsi lopotanapotana. Ndi kachingerezi kanga ka pantchito ndinamufunsa chimene ankadikira. Anati dzina lake ndi Lusiyana, kwawo ndi ku Brazil, ndipo anasokoneza tsiku: ndege yake inali ya sabata yotsatira. Ndiye anaganiza zongogona pamtengopo.

Ndinayang'ana mwana wa eni, ndinayang'ana mtengowo. Ndinati ayi, tiye kwathu.

Titatsika minibasi pamsika apa, mudzi wonse unatiperekeza. Ana anasowa pomuika, ena akuti mzungu, ena akuti si mzungu. Agogo anu a Rozina ananditengera kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Fesitoni, mwandibweretsera chiyani? Ameneyu adya chiyani? Agona pati?"

"Chimene tidye ife, pamene tigone ife," ndinatero, koma mumtima ndinali ndi mantha omwewo.

Tinadzivutitsa chabe. Mwana uja therere anadya, mbatata anadya, matemba mpaka mitu. M'mawa anatsatira amayi ku mjigo, n'kuumirira kusenza ndowa. Madzi amene anafika nawo pakhomo pano sakanakwana n'kusukusula komwe, ena onse anali m'malaya. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi, iye n'kumaseka nawo.

Tsiku lina masana, ine nditapuma kuntchito, agogo anu anamuwotchera chinangwa. Polandira, mtsikana uja anathokoza m'chilankhulo cha kwawo, chimene ndi Chipwitikizi. Ndipo agogo anu anamuyankha. M'Chipwitikizi chomwecho! Ine ndinali pompo ndikukonza mpini wa khasu, ndinatsala pang'ono kudzisema chala. Mkazi amene ndinabereka naye ana onsewa, sindinamumvepo akutulutsa mawu otero. Iwonso eni ake anadzigwira pakamwa ngati atukwana.

Apa ndikuuzeni kaye za agogo anuwa, poti inu mumangowadziwa ngati a ku Lirangwe. Anabadwira ku Mozambiki, m'munsi mwa phiri lotchedwa Chiperoni, kuseri kwa Mulanje uko. Mphepo yozizira ija ikamabwera ndi nkhungu imachokera kumeneko, n'chifukwa chake inatenga dzina la phirilo. Ali kamtsikana, Apwitikizi anagwira bambo awo kupita nawo ku chibalo, ntchito yokakamiza yolambula misewu, ndipo sanabwerenso. Mayi awo anathawa nawo kudzalowa m'minda ya tiyi ku Thyolo. Koma kunatsala mkulu wawo, a Maliyeta, amene anali atangokwatiwa kumene, ali ndi pakati. Anagwirizana kuti adzawatsatira mwana akabadwa. Sanabwere. Mayi aja anamwalira ku Thyolo komweko, agogo anu n'kuleredwa ndi banja lina la mumpingo limene linadzasamukira ku Lunzu. Kumeneko ndi kumene ndinawaona ine akugulitsa matimati, ndipo ndinagula matimati ambiri chaka chimenecho kuposa amene munthu wosakwatira angadye. Kwawo kuja nkhondo inatha, ina n'kuyamba. Ndikawafunsa za kumeneko ankangoti, "Kwathu ndi kuno," nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma Lusiyana sanaisiye nkhaniyo. Anafotokoza, pena ndi mawu pena ndi manja, kuti iye anadzera ku Mozambiki komweko, anagona m'midzi, n'kudzalowa m'dziko muno pa Muloza. Anati nkhondo inathadi, anthu akubwerera m'mabwinja mwawo, akumanga, akulima. Phirilo anati analiona chapatali. Agogo anu anangopitiriza kutembenuza chinangwa pamoto.

Tsiku lonyamuka, mtsikana uja anakhuthula chikwama chake chija, zovala n'kuzimanga m'chitenje chimene agogo anu anamupatsa. Chikwamacho anachiika pamiyendo pa agogo anu n'kunena liwu limodzi la Chichewa limene analiphunzira bwino: "Pitani."

Chikwamacho chinakhala chikulendewera kudenga mvula yonse. Titakolola, chimanga chitalowa m'nkhokwe, ndinabwera Loweruka lina n'kupeza chatsitsidwa, chachapidwa, chili padzuwa.

"Ndikupita kwathu," anatero agogo anu.

"Kwanu si kuno?"

"Ndikukafuna achemwali anga."

"Mayi a Fesitoni, kuli mabomba okwirira pansi kumeneko. Komanso zaka zonsezi, ndi nkhondo ziwiri pakati, mukudziwa bwanji kuti ali moyo?"

"Sindikudziwa. N'chifukwa chake ndikupita. Inu mukafuna tsalani, musunge nkhuku."

Bambo ako iwe Takondwa, Fesitoni, anakana mpaka misozi. Akulu a mpingo anabwera kudzawalangiza, agogo anu anawaphikira tiyi, n'kuwamvetsera mwaulemu, n'kuwapempha kuti apempherere ulendo. Ndinaona kuti pano palibe chimene ndiphule. Ndinakapempha tchuthi kuntchito. M'chikwama muja tinaikamo bulangete, kapoto, mchere wambiri, sopo, shuga ndi zitenje. Nditachibereka n'kumanga lamba wa pamimba ndinati, anzanga a ku Chileka akandiona ndatha ine.

Inu masiku ano mukafuna kupita kwina mumayamba mwaimba foni, wina n'kukuchingamirani ndi njinga yamoto. Ife tinalibe woimbira. Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, ku Limbe n'kupeza basi ya ku Muloza. Podutsa m'minda ya tiyi agogo anu sanayang'ane pawindo. Pamalire anatidindira ziphaso, tinaoloka, n'kulowa m'tauni ya Milanje. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kuona chimene nkhondo imachita: nyumba zabwinobwino zopanda madenga, makoma ali mabowo okhaokha, koma pansi pa makoma omwewo amayi atayala nthochi ndi nyemba akugulitsa, wailesi ikulira.

Tinapeza lole yopita chakumwera. Tinakhala pamwamba pa matumba pamodzi ndi njinga, mbuzi ndi anthu obwerera kwawo kuchokera m'misasa ya othawa nkhondo. M'mbali mwa msewu munali magalimoto opsa, udzu utamera m'kati. Lole ija inakaima pa mlatho wogumuka, woyendetsa n'kuti apa ndiye pothera. Phiri lija linali kutsogolo kwathu, mutu wake utabisika m'mitambo. Tinayamba wapansi.

Dzuwa litapendeka tinafika pakamudzi ka nyumba zongomangidwa kumene, udzu wa padenga usanade n'komwe. Ine ndinali ndi manyazi, poti chibadwire sindinapemphepo malo kwa munthu wosamudziwa. Agogo anu anangolunjika panyumba ina n'kuti odi. Anatuluka mayi wina wamasiye, dzina lake a Anjelina. Asanatifunse kuti ndife yani kapena tikupita kuti, anatipatsa madzi m'chikho, anatiyalira mphasa. Chichewa ankachimva ndithu, poti kufupi ndi malire zilankhulo zimalowana.

Anatipatsa kalongonda ndi nsima ya makaka, chinangwa chouma chija. Kalongonda inu simumudziwa. Ndi nyemba zikuluzikulu zimene zimaphikidwa tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, chifukwa ukazidya zosapsa mutu umazungulira. Ndinaluma, n'kupeza mulibe mchere ngakhale pang'ono. Agogo anu anamasula chikwama n'kuwatapira mchere m'mbale. Ana inu, mayi uja anatsina pang'ono, anaika palilime, anatsinzina. Kenaka anaitana anzake a nyumba zoyandikana, aliyense n'kumatambasula dzanja. Mchere womwewu umene inu mumautaya mukamathira pa mango osapsa.

M'mawa agogo anu anatchula dzina la mudzi wa kwawo. A Anjelina anapukusa mutu. Anati kumeneko kulibe munthu, ndipo njira yake munthu sayenda yekha. Anatitengera kwa bambo wina wofula njuchi, a Jowakimu, wamfupi, wa mano oyera, dzanja lamanja lili ndi zala zitatu zokha, zina zinatsala kunkhondo. Atamva kuti mkazi wanga ndi wa komweko, pompo anayamba kunditchula alamu.

"Alamu, lamulo ndi limodzi," anatero. "Pamene ndaponda ine, pondani pomwepo."

Ndinavomera. Koma mukudziwa kalongonda m'mimba mwa munthu wosamuzolowera. Titayenda ndithu ndinaona kachitsamba kabwino pambali, ndinapatuka mwakachetechete kuti ndisavutitse anthu. Ndisanapite patali ndinamva mfuu.

"Imani pomwepo! Musasunthe!"

Ndinauma, mwendo umodzi uli m'mwamba. A Jowakimu anandilozera timitengo tiwiri topingasa, tomangidwa ndi kansanza kofiira, pafupi ndi pamene ndinkalowera. Chinali chizindikiro chakuti malowo sanachotsedwe mabomba. Anandiuza kuti ndibwerere chafutambuyo, ndikuponda m'mapazi mwanga momwe. Sindikudziwa ngati panalidi bomba pamenepo, ndipo sindifuna kudziwa. Nditafika panjira agogo anu sanandikalipire. Anangondigwira malaya, osawasiya kwa nthawi yaitali. Za m'mimba zija zinatheratu zokha.

Masana tinafika pamalo pamene panali mitengo ya mango ikuluikulu itaima m'tchire. Mukaona mango m'tchire, ana inu, dziwani kuti panali mudzi. Panalibe nyumba ngakhale imodzi, koma timilu ta dothi ndi udzu wofika m'khosi. Agogo anu anayenda pang'onopang'ono m'mapazi mwa a Jowakimu mpaka pa mwala wina wafulati, wokumbika pakati. Inali mphero ya mayi awo. Anakhala pansi n'kuisisita. Analira mosatulutsa mawu. Atatha anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Bambo a Fesitoni, munkanena zoona. Tiyeni tibwerere."

Ndikuuzeni, panjira yonse ndinkalakalaka mawu amenewo. Koma nditawamva anandiwawa. Ndinaona kuti tikabwerera pamenepa, mkazi wanga adzakhala chete moyo wake wonse kuposa kale. Ndinafunsa a Jowakimu kuti kodi anthu a pano anafa onse?

"Ayi alamu. Nkhondo itavuta anthu anathawira m'nkhalango ya m'phirimu. Ena anatsikira kuseri, ndipo akadali komweko. Koma ndi kokwera, ndipo amayiwa..."

"Amayiwa ndi amene akutikoka tonsefe," ndinatero. "Mayi a Fesitoni, dzukani. Mcherewu sindibwerera nawo ku Lirangwe."

Anandiyang'ana, n'kudzuka.

Nkhalango imeneyo sindidziwa kuti ndikufotokozereni bwanji, inu amene mwakulira kuno koti mthunzi timachita kulimbirana ndi mbuzi. Ndili mwana kunonso kunali mitengo, tikamapita ku Lunzu tinkaopa afisi, koma makala anaimaliza yonse. Komabe ngakhale ya nthawi imeneyo sinkafika pa ija. Mitengo yake anthu anayi kugwirana manja osaizungulira. Ukayang'ana kumwamba thambo osaliona, masana kuli ngati m'bandakucha. Zingwe za m'tchire zonenepa ngati mkono wanga zikulendewera, apusi otchedwa anchima akudumpha pamwamba n'kumatigwetsera zipatso zodyadya. Pansi pofewa ngati ukuponda matiresi, ponunkhira bowa. Madzi akungodontha m'masamba ngakhale kulibe mvula.

Ndiye tili chikwerere ndinaona utsi woyera ukutuluka m'zigwa, ukukwawa pakati pa mitengo, n'kutikuta mpaka osaonana. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa.

"Alamu, mwachiona chiperoni?" anatero a Jowakimu akuseka. "Chimayambira pano. Mawa chikhala chili kwanu."

Ndinachiuza kuti chikafika ku Lirangwe chikauze Fesitoni kuti tili moyo.

Musaganize kuti zonse zinali zokoma. Misundu inatiyamwa m'miyendo. Pena ndinaima kuti ndipume, osadziwa kuti ndaima pa mzere wa linthumbwi. Nyererezo zinadikira mpaka zitafika m'chiuno ndiye n'kuluma zonse pamodzi. Ine, mkulu wa mpingo, ndinavula thalauza pamaso pa mlamu wanga n'kumavina. Agogo anu anaseka koyamba chichokere pamphero paja, anaseka mpaka kutsamira mtengo. Onani, mpaka pano akuseka pakhondepo.

Choopsa chinali mtsinje. Unkatsika m'phiri ndi mkokomo woti polankhula umachita kukuwa, ndipo mlatho wake unali mtengo umodzi wogwa, woterera ndi ndere. A Jowakimu anaoloka ngati akuyenda pamsewu. Agogo anu, amene kuno amaopa ngakhale kukwera pampando kuti atsitse dengu, anavula nsapato, anakwinya chitenje, n'kuoloka ali chiimire osayang'ana pansi. Ndinatsala ine. Ndinayamba chokwawa, chikwama chili kumsana. Nditatsala pang'ono kufika, chinapendekera mbali imodzi n'kundikoka. Miyendo inalendewera pamadzi, manja atakumbatira mtengo. Ndinamva agogo anu akuitana dzina langa lenileni, limene sanalitchulepo chikwatirane. A Jowakimu anabwerera pamtengo paja, anakola lamba wa chikwama ndi zala zawo zitatu zija, n'kukoka mpaka ndinabwerera pamwamba. Nditafika kutsidya ndinagona chafufumimba pamasamba.

Tinatulukira kuseri kwa phiri dzuwa likulowa, n'kupeza timinda ta chinangwa m'mbali mwa nkhalango. Kumeneko Chichewa chinatha, kunali Chilomwe chokhachokha. Banja lina linatilandira, eni nyumba n'kusamukira kukhitchini kutisiyira ife chipinda. Agogo anu anayesa Chilomwe chawo cha paubwana, chikutuluka chodukaduka ngati madzi a pampopi wouma. Atatchula dzina la a Maliyeta ndi la mayi awo, anthu anayang'anana. Mayi wina anafunsa ngati tikunena a Maliyeta otsimphina mwendo, okhala kumtsinje wa nthochi. Agogo anu anati sakudziwa, pamene ankasiyana sankatsimphina.

Kutacha anatiperekeza. Tinapeza mayi wokalamba, woonda, akuyanika makaka pathanthwe. Atatembenuka, ine sindinafunenso wondiuza. Chipumi chomwechi, kaimidwe komweka. Agogo anu anagwada chapatali n'kunena kuti, "Achemwali, ndine Rozina."

Mayi uja sanasunthe. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Mtima wanga unagwa. Ndinati tayenda ulendo wonsewu kudzakanidwa. Posakhalitsa anatuluka atafumbata phulusa m'manja onse awiri, n'kuwaza agogo anu kumutu ndi kumaso. Ine ndinafuna kudzuka, koma a Jowakimu anandigwira phewa.

"Khalani, alamu. Anamva kalekale kuti mayi awo ndi mng'ono wawo anafera panjira. Maliro analira, anameta. Ndiye akufuna aone. Ngati ndi mzimu, uzimirira."

Agogo anu sanazimirire. Anangoyetsemula, ali mbuu ngati mbatata yootcha. Pamenepo mayi uja anakuwa, "Nakhuwo!" n'kuwagwera. Anagubuduzika pansi onse awiri, akulira, akuseka, akugwirana kumaso. Ndinafunsa kuti Nakhuwo ndiye chiyani. A Jowakimu anati ndi chimanga m'Chilomwe, dzina limene ankawatchula ali mwana chifukwa chokonda kuba chimanga chachiwisi m'munda. Eya, agogo anu omwewa amene amakukalipirani mukathyola chimodzi.

Tinakhala kumeneko mpaka mwezi unasintha. A Maliyeta anatiuza zawo pang'onopang'ono: amuna awo ndi ana awiri anapita ndi nkhondo, mwendo unathyoka pothawa m'phiri, koma mwana uja anali m'mimba anakula, ndiye amalume anu a Alufonso. Panalinso zidzukulu. Ine ndinaphunzira kulima pamtsetse, kudya uchi ndi mphutsi zake, ndi kupereka moni wa m'mawa m'Chilomwe, ana n'kumandiseka katchulidwe. Nkhono zokha ndinakana, ngakhale anandinyengerera. Achemwali awiriwo ankakhala pathanthwe tsiku lonse, wina Chichewa wina Chilomwe, mawu akasowa n'kumangogwirana manja. Chimene a Maliyeta ankabwereza kufunsa chinali chimodzi: amayi anagona pati, ndipo anawaika ndani?

Chaka chotsatira, mvula itatha, a Alufonso anawakweza panjinga mpaka pa Muloza, n'kufika nawo pakhomo pano. Tinapita nawo ku Thyolo, kumanda a m'mphepete mwa tiyi. Analambula manda a mayi awo ndi manja, anakhala pansi, n'kuwafotokozera zonse ngati akuwaona, kuyambira tsiku limene anasiyana. Pobwerera anadya bwino, anagona bwino.

Tsiku lina ndinawatenga kuti akaone kuntchito kwanga. Sindinaganize bwino. Ndege itangoyamba kumveka, mayi aja anadzigwetsa pansi n'kubisa mutu, chifukwa kwawo kulira kumeneko kunkatanthauza kuthawira m'nkhalango. Agogo anu anagona nawo pansi pomwepo, pafumbi, akuwalankhula m'khutu mpaka anadzutsa mutu. Anaiona ikutera, ikuima, chitseko chikutseguka. Munatsika amayi, abambo, ndi mwana wina atanyamula chidole.

"Kani zimanyamulanso anthu?" anafunsa a Maliyeta.

Anakana kuchoka mpaka ataona inanso.

A Maliyeta anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akubwera, ifenso tikupita, msewu utakonzedwa, mabomba atachotsedwa. Anamwalira ali nkhalamba yeniyeni, pamphasa pawo, mng'ono wawo ali pambali.

Tsono chimene ndakusonkhanitsirani si mtedza wokhawu ayi. Dzulo a Alufonso anaimba pafoni ya Fesitoni. Mwana wawo wotsiriza akukwatiwa mwezi wa mawa, ndipo akuti a ku Malawi akapanda kubwera ukwati suchitika. Ine mawondo anatha, ngakhale pamsika apa ndimapuma kawiri. Ndiye mupite ndinu, iwe Takondwa ndi Mphatso, sukulu ikhala itatsekera. Mukafika musakakhale pa foni. Mukadye chimene akupatsani, mukagone pamene akuyalirani, ndipo mukapemphe wina akulowetseni m'nkhalango muja, mukaione ndi maso anu ikadalipo. Agogo anu aakazi atsala ndi ine, nawonso akula, ulendo wotere sangau...

Mwati bwanji, mayi a Fesitoni?

Mwawamva? Akuti amene atsale ndi ineyo ndi nkhuku. Chitenje akusokacho ndi cha ku ukwati.